Mitu Imene Idasenza Denga pa Chileka ndi Lirangwe

Chimanga chikauma m'minda ya kwa Kuntaja ndi kwa Lundu, pamakhala ntchito ina imene ngakhale mwamuna wadzitho sangaigwire yekha. Denga la nkhokwe amalimangira pansi. Mwini wake amadula nsungwi, amazisanja kuti zikumane pansonga, n'kuzimanga ndi luzi loviika m'madzi. Likatha amaitana anzake. Amunawo amawerama, amalowetsa mitu ndi mapewa kunsi kwa phaso, wina n'kufuula kuti, "Tiyeni nalo!" Wamtali amapinda mawondo, wamfupi amakweza manja, ndipo denga limayenda pabwalo, mapazi okha ndiwo akuoneka. Wina akaterereka, onse amamva kulemera nthawi yomweyo. Masiku ano ambiri amasunga chimanga m'matumba m'nyumba poopa akuba, koma mwambi umene udabadwira pantchitoyi ukadali pakamwa pa aliyense: mutu umodzi susenza denga.

Mabuku a mbiri amakonda kuwerenga mosiyana ndi mwambiwu. Tsiku lililonse lalikulu amalipatsa dzina limodzi, la kazembe, la bwanamkubwa kapena la mtsogoleri. Wofuna kuona mitu inayo ayime pa Kameza, pamene msewu wochokera mumzinda wa Blantyre umagawikana, wina kulowera ku bwalo la ndege la Chileka, wina ku Lunzu, Lirangwe mpaka kukawoloka Shire pa Zalewa. Dera limeneli lilibe nyumba zosanja zotchuka, komabe nkhondo, njanji, ndege, magetsi ndi ufulu wa dziko lino zidadutsa pomwepa, ndipo chilichonse chidadutsa chitasenzedwa ndi anthu.

Chidayambitsa zonse ndi mathithi. Pakati pa Matope ndi Chikwawa, mtsinje wa Shire umagwa m'matanthwe a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, moti sitima yapamadzi singadutse. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia adafika ndi sitima yawo ya Ilala kunsi kwa mathithiwo. Adaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana adazinyamula pamutu, kukwera zitunda padzuwa la m'chigwa, mpaka kumtunda kumene adailumikizanso. Mu Okutobala chaka chomwecho Ilala idalowa m'nyanja ya Malawi. Mabuku amatchula E. D. Young amene adatsogolera ulendowo. Amene adasenza zitsulo za injini sadalembedwe.

Mishoni ya Blantyre itakhazikika mu 1876, ndi kampani ya African Lakes ya John ndi Frederick Moir, imene anthu adaitcha Mandala, itayamba malonda mu 1878, njira ya katundu idakhala yochokera kwa Katunga, kukwera ku Blantyre, kenaka kutsetsereka cha ku Lunzu ndi Lirangwe mpaka ku Matope. Pa njira imeneyi padadutsa nsalu, mikanda, mchere, mfuti, mabuku a mapemphero ndi zitsulo za sitima zina. Galimoto kudalibe. Wonyamula adali mtengatenga. Ankapinda udzu kapena kansanza kukhala nkhata, kuiika pamutu, n'kutula pamenepo bokosi la makilogalamu oposa 20. M'chiuno ankamangirira kathumba ka ufa, m'manja ndodo, kumapazi kopanda nsapato. Ambiri ankalowa ntchitoyi pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda, lokhazikitsidwa mu 1891, lidaika pa anthu.

Nkhondo ya 1914 itabuka, katundu adachuluka koposa. Mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya Guendolen idawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pagombe la kum'mawa kwa nyanja, ndipo nkhani yake idamveka mpaka ku London. Pa 9 Sepitembala kudali kumenyana koopsa ku Karonga. Kuyambira pamenepo nkhondo ya Chiwaya, monga makolo adaitchulira, idameza amuna a m'midzi. Asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland adali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga adayandikira 200,000 m'dziko limene anthu ake onse adangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sadapite mwa kufuna kwawo. Apolisi ndi amesenjala ankazinga midzi usiku, mafumu ankaumirizidwa kupereka amuna, ndipo ena ankathawira kumapiri. Ogwidwawo adasenza zipolopolo, mpunga ndi mahema mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, akudwala kamwazi ndi malungo. Amene adabwerera mu 1918 adapeza minda itagonera, ndipo chimfine choopsa cha chaka chimenecho chidalowa nawo m'midzi.

Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe adaziona izi nkhondo itangoyamba. Mu Novembala 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake, ndipo sadzapindula nayo kanthu. Pa 23 Januwale 1915 iye ndi anthu ake adaukira atsamunda, ndipo pofika pa 3 Febuluwale adali ataphedwa. Funso lake lidatsala: kodi wosenza denga adzagonamo? Nkhondo yachiwiri idatenganso anyamata masauzande ambiri kupita nawo ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a KAR. Pa njira ya Matope palibe mwala wokumbutsa za amtengatenga.

Njanji idabwera kudzatula katunduyo pamitu ya anthu. Idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935, chaka chimene mlatho wa Dona Ana pa Zambezi udatha, idafikanso ku Salima kudzera pa Lirangwe. Siteshoni ya Lirangwe idasandutsa malowo kukhala pokumanira amalonda, ndipo ulendo wa masiku ambiri udafupika kukhala wa maola. Koma mtunda wa njanjiwo udakumbidwa ndi makasu ndi mapiki, dothi lidatutidwa m'madengu, miyala idaswedwa ndi nyundo zam'manja. Ngongole za njanji zidalemera pa chuma cha dziko kwa zaka zambiri, ndipo wokhoma msonkho kumudzi ndiye adazimva m'thupi.

M'zaka zomwezo kumwamba kudayamba kulira injini. Mu 1931 C. J. Christowitz adayambitsa maulendo a ndege pakati pa Blantyre ndi Beira, ndipo posakhalitsa chigwa chathyathyathya cha Chileka, makilomita pafupifupi 16 kuchokera mumzinda, chidasankhidwa kukhala bwalo la ndege. Mu 1946 kampani ya Central African Airways idayamba kulumikiza Chileka ndi Salisbury komanso Lusaka. Anthu a m'midzi yozungulira, amene adagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kusalaza zulu kuti ndege zizitera, ankangoziona zikuuluka. Okwera adali akuluakulu a boma, eni minda ya tiyi ndi fodya, ndi amishoni.

Tsiku limene bwaloli lidakhala la eni dziko ndi 6 Julayi 1958. Dr Hastings Kamuzu Banda adatsika ndege pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, ku South Africa, ku America, ku Britain ndi ku Ghana. Khamu lidadzaza bwalo, ena atabwera pa malole, ena pa njinga, ena wapansi kuchokera m'midzi yakutali. Chidwi chidali chachikulu moti sabata imodzi m'mbuyomo anthu adali atasonkhana kale pamalo omwewo poganiza kuti afika tsiku limenelo, n'kubwerera mokhumudwa. Mlendo wawoyo adali ndi chipewa chakuda ndi suti, ndipo ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Mfuu ya "Kwacha!" idayankhidwa ndi makosi masauzande.

Chithunzi cha tsikulo chimaonetsa munthu mmodzi pa makwerero a ndege. Denga lomwe adalipeza lidali litamangidwa kale ndi ena. Levi Mumba ndi James Frederick Sangala adakhazikitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakakamizidwa mu 1953, mafumu monga Inkosi Gomani ya ku Ntcheu adakana, ndipo anthu adafa pa zipolowe za ku Thyolo ndi madera ena. Achinyamata monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza ndiwo adalimbikira kuti Banda abwere, poona kuti anthu akumudzi ndi mafumu adzamvera munthu wachikulire, wophunzira, wa udokotala. Rose Chibambo adasonkhanitsa amayi. M'midzi mudali alembi a nthambi za chipani ogulitsa makadi, alimi okana malamulo a malimidwe amene ankawamangitsa chifukwa cha mizera, ndi amayi ophikira nthumwi zobisala. Pa 1 Ogasiti 1958, ku Nkhata Bay, anthu amenewa adamusankha Banda kukhala pulezidenti wa Congress.

Patangotha miyezi isanu ndi itatu Banda atafika, bwalo la Chileka lija lidaona zosiyana. Mu Febuluwale 1959 ndege zidayamba kutsitsa asilikali ochokera ku Southern Rhodesia. M'bandakucha wa pa 3 Malichi bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo la chipwirikiti. Banda adagwidwa kunyumba kwake ku Limbe, adathamangira naye ku Chileka, n'kumukweza ndege ya ku Gwelo, kumene pano ndi Gweru. Chipembere ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza, adatsekeredwa naye kumeneko, ena ku Khami pafupi ndi Bulawayo, ena ku Kanjedza. Omangidwa adaposa 1,300. Ku Nkhata Bay, tsiku lomwelo, asilikali adawombera khamu limene lidasonkhana padoko pofuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Komiti ya Devlin, yotumidwa ndi boma la Britain, idawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse, ndipo idanena poyera kuti Nyasaland ikulamulidwa ndi mphamvu ya apolisi.

Atsamunda ankaganiza kuti akachotsa mutu umodzi denga ligwa. Kwa miyezi 13 mtsogoleri adali m'ndende, koma denga silidakhudze pansi. Orton Chirwa ndi Aleke Banda adayambitsa Malawi Congress Party mu Sepitembala 1959, ndipo makadi ake adafalikira m'midzi mwachangu kuposa a Congress yoletsedwayo. Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo 1960 chifukwa boma la Britain lidaona kuti anthuwo sakubwerera m'mbuyo. Chisankho cha Ogasiti 1961 chidatsimikiza zimenezo, chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pakati pa usiku wolowera pa 6 Julayi 1964, pa sitediyamu ya ku Blantyre, mbendera ya Britain idatsitsidwa pamaso pa Prince Philip, ya dzuwa lotuluka n'kukwera. Tsikulo lidasankhidwa dala pokumbukira kutera kwa ndege ija pa Chileka. Dziko lidakhala lipabuliki pa 6 Julayi 1966. Mwana aliyense wa sukulu amene amaloweza tsikuli akuloweza mbiri ya Chileka, ngakhale mphunzitsi asamuuze.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwambiwo udaiwalika msanga. Mu Sepitembala 1964, miyezi iwiri yokha ufulu utabwera, nduna zidasemphana ndi Banda pa kayendetsedwe ka boma. Chiume, Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Chibambo adachotsedwa, pamene Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo. Ambiri adathawira kunja. Yatuta adaphedwa mu 1967 kutsidya kwa Shire, cha ku Neno. Chipembere adamwalira ku America mu 1975, ndipo Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Kuyambira 1971 dziko lidakhala ndi pulezidenti wamuyaya, ndipo ana adaphunzitsidwa kuti ufulu udabwera ndi munthu mmodzi. Pa Chileka amayi ovala nsalu za chipani ankatengedwa pa malole kukavina nthawi iliyonse Ngwazi ikamanyamuka kapena kufika, ena atasiya makanda ndi minda.

Zaka zimenezo zidali ndi zonyaditsa zake. Air Malawi idabadwa mu 1964 pansi pa Central African Airways, n'kuima payokha mu 1967. Idagula ndege za BAC One-Eleven, ndipo mu 1974 idagula VC10 imene inkanyamula anthu kuchokera pa Chileka mpaka ku London. Anyamata a ku Malawi adaphunzira kuyendetsa ndege, kukonza injini ndi kulondolera ndege kuchokera pa nsanja. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 ndipo bwalo la Kamuzu litatsegulidwa mu 1983, Chileka idatsika ulemu. VC10 ija idakhala pambali pa bwalo zaka zambiri, ikuchita dzimbiri ana a m'midzi akuiona, mpaka idaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1990. Ngakhale zidali choncho, Papa John Paul II adatera pa Chileka pa 4 Meyi 1989.

Amalawi wamba amene adakwera ndege mwaunyinji m'masiku amenewo adali anyamata a Wenela, opita ku migodi ya golide ku Joni. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 adali oposa 100,000. Ankabwerera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi masutikesi achitsulo, ena ndi chifuwa cha fumbi la pansi pa nthaka, ndipo gawo la malipiro awo linkadzera m'boma, n'kukhala ndalama zakunja zimene dziko linkadalira. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, ikubweretsa anyamata kwawo. Anthu 78 adafa, oposa 70 mwa iwo Amalawi. Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi, kenaka zidayambiranso mu 1977 kudzera ku bungwe la Theba mpaka 1988. Lero okalamba amene adatsala akuyendabe m'maofesi kulondola ndalama zawo. Tsiku la 4 Epulo silipezeka pa kalendala ya zikumbutso za dziko.

Mathithi aja amene adasenzetsa makolo katundu ndiwo adadzakhala gwero la mphamvu. Mu 1966 makina a Nkula A adayamba kupanga magetsi okwana mamegawati 24, Tedzani idatsatira mu 1973, Kapichira mu 2000. Madzi ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry, malo amene adayamba kugwira ntchito mu 1963, ndipo amakankhidwanso ndi mapampu a pa Chileka kuti akwere phiri mpaka mumzinda. Popanda magetsi ndi madzi amenewa, fakitale ya nsalu ya David Whitehead, ya simenti, ya mowa ndi ya machesi sizikadaima ku Makata ndi ku Ndirande. Nsanamira zachitsulo ndi mapaipi akuluakulu zimadutsa m'minda ya anthu a m'dera lino. Pansi pa mawaya omwewo pali nyumba zounikira tochi ya mabatire, ndipo pafupi ndi mapaipiwo amayi amandanda ndi zigubu pa mjigo kuyambira mbandakucha. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja ounikira magetsi m'dziko muno sadafike 12 pa 100 alionse.

Ogwira ntchito m'mafakitale amenewo ndiwo adakumbutsa dziko za mwambi woiwalika uja. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, antchito a David Whitehead adanyanyala ntchito mu Meyi, anzawo a m'makampani ena n'kutsatira, ndipo anthu makumi angapo adaphedwa m'misewu ya Blantyre ndi Limbe. Pa 14 Juni 1993 anthu adaima pamizere m'masukulu a pulayimale, kuphatikizapo a ku Chileka ndi Lirangwe, n'kusankha nyali ya zipani zambiri kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Ufulu wachiwiriwo udalibe ndege yoti anthu akailandire. Udasenzedwa ndi osoka, oluka nsalu, ophunzira, ansembe ndi alimi.

Lero pa Lirangwe amayi amayala tomato, anyezi ndi nsomba zouma m'mphepete mwa M1, anyamata a kabaza akudikira okwera, malole opita ku Mwanza ndi ku Lilongwe akudutsa ndi liwiro. Pomwepo pakuyambira msewu wopita ku Chingale mpaka ku Machinga, umene maboma otsatizana akhala akulonjeza kuuthira phula. Alimi a ku Chingale amaudziwa ndi fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja, ndipo akhala akusenza mbewu zawo pamutu ndi pa njinga monga ankachitira agogo awo pa njira ya Matope. Ku Chileka, Air Malawi idatsekedwa mu 2013, ndipo m'malo mwake mudabwera kampani yogawana umwini ndi Ethiopian Airlines. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, bwalo lomweli lidalandira thandizo lochokera kunja, koma oyamba kukumba matope ku Chilobwe ndi ku Soche adali anthu oyandikana nyumba, ndi makasu awo.

Chileka imadziwa kale kusunga zakale. M'mudzi wa Singano mudachokera Daniel ndi Donald Kachamba, amene nyimbo zawo zidajambulidwa ndi Gerhard Kubik kuyambira 1967 n'kumveka mpaka ku Ulaya. Evison Matafale ndi Black Missionaries ndi a komweko. Moya Aliya Malamusi adathera zaka zambiri akusonkhanitsa nthano, nyimbo ndi zipangizo zamakolo m'dera lomweli. Luso lofunsa okalamba ndi kulemba zimene anena lilipo, ndipo ntchito yotsala ndi ya maina.

Amtengatenga a 1914 adapita onse, koma zidzukulu zawo zimadziwa kuti agogo adatengedwa liti ndipo adabwerera kapena ayi. Amene adaimirira pa Chileka pa 6 Julayi 1958 ali ana, lero ndi nkhalamba za zaka 70 ndi kuposerapo, ndipo akadalipo ena okumbukira amene adawanyamula paphewa kuti aone ndege. Akadalipo amene adakumba ngalande za mapaipi a Walker's Ferry, amene adakwera ndege za Wenela, ndi amasiye a anthu a pa Francistown. Sukulu za sekondale za ku Chileka, Lunzu ndi Lirangwe zikhoza kutuma ophunzira awo ndi kope ndi foni kwa anthu amenewa, mafumu a kwa Kuntaja, Kapeni, Kunthembwe ndi Lundu n'kutsegula njira. Mainawo akalembedwa, khoma limodzi la m'chipinda chodikirira ndege pa Chileka ndi lina pa siteshoni ya Lirangwe likhoza kuwasunga, pamodzi ndi mudzi wa aliyense, chaka chimene adapita ndi katundu amene adanyamula.